Ndigule Phase kapena ndikonzetse kaye turntable? BPM ikungovina yokha

Mphwanu wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndine DJ. Loweruka ndinali ndi ntchito ya ukwati pa holo ina ku Limbe ndipo ndinachita manyazi. Ndili ndi ma turntable (zoimbira mbale) awiri a direct drive (opanda lamba) omwe ndinagula ogwiritsidwa kale ntchito, mixer ya DVS (njira yoyendetsera nyimbo za mu laputopu pogwiritsa ntchito mbale), laputopu ndi Serato DJ Pro. Pa perekani-perekani zinayenda bwino, si mukudziwa pamenepo nyimbo ikangoyamba MC waidula kale. Koma itafika nthawi yovina, ndikulumikiza amapiano, deck (turntable) yakumanja inakana kukhazikika. Ndaika BPM, liwiro la nyimbo, pa 112, ikukwera 112.3, kutsika 111.8, dzanja ndisanagwire kalikonse. Masekondi 20 osakwana ng'oma zayamba kupondana ngati ana a sukulu pothamangira phala. Mnzanga akuchokera ku Joni mwezi wamawa, akuti atha kundibweretsera Phase. Koma mtengo wake ndi ndalama ya maukwati atatu. Ndigule?

Wakujoni: Gulani aise, musachedwenso. Kwa osaidziwa, ndi timabokosi tiwiri tating'ono ta kampani ya MWM ya ku France, tinatuluka mu 2019. Kamodzi mumakaika pakati pa mbale, kamazungulira nayo, n'kumatumiza uthenga wa liwiro la mbale popanda waya. Singano simuigwiritsanso ntchito. Fumbi, bezi, munthu woledzera kugunda tebulo, zonsezo zimatha. Batire akuti limafika maola 10. Kuno ambiri oimba ndi ma turntable anasamukira komweko.

Madala a Singano: Mphwanga wa ku Chilomoni, ndalamayo iyambe yakhala m'thumba. Ndikufunse kaye. Kuvina kwa BPM kumeneku kuli ndi dongosolo, kukwera n'kutsika mofanana nthawi zonse, kapena kumangochitika mwachisawawa? Chachiwiri, madontho a m'mbali mwa platter aja (chozungulira chomwe pamakhala mbale) unawayang'ana? Ukaika pitch, chosinthira liwiro chija, pa ziro, mzere umodzi umayenera kuoneka ngati waima chilili pa kuwala kofiira kuja.

Mphwanu wa ku Chilomoni: Madala, kunena zoona madontho amenewo ndinkayesa ndi zokongoletsa chabe.

Madala a Singano: Ha! Ana inu. Tamvera. Mbale ya control, ija imayendetsa nyimbo za mu laputopu, ilibe nyimbo, ili ndi kaphokoso kolira mosasintha, ya Serato ndi 1 kHz. Singano ikakawerenga, kompyuta imayeza kuti kakulira mokwera kapena motsika bwanji, n'kudziwa liwiro la mbale. Ndiye panjira pali ambiri amene anganame: mota, pitch fader, mbale yeniyeniyo, singano, mawaya, laputopu. Phase imachotsapo singano ndi mizere ya pa mbale basi. Nayonso imawerenga kuzungulira kwa platter. Ngati platter yako ikuyenda motsimphina, Phase ikanena ndendende kuti ikutsimphina. Udzakhala utagula mboni yodula yoti idzakuuze zomwe singano ikukuuza kale.

Wakujoni: Madala ali ndi mfundo, sindikana. Koma mwa mavuto omwe ndawaona ine m'ma club, ochuluka ndi singano ndi bezi, osati mota.

Achemwali a ku Zomba: Ndilowererepo. Choyamba, achimwene, kagwedezeka pang'ono ka nambala si matenda. Ngakhale pa zida zabwino mumaona 112.0 ikupita 112.1 n'kubwerera. Mukamayang'anitsitsa skirini mudwala nayo BP. Koma zanuzo zachuluka. Kuchoka 111.8 kufika 112.3 ndi theka la BPM, kupitirira 0.4 peresenti. Technics SL-1200MK2, yomwe inatuluka mu 1979, papepala lake wow and flutter, kugwedera kwa liwiro, ndi 0.025 peresenti. Onani kusiyanako. Ndipo nyimbo ziwiri zikasiyana ndi 0.3 BPM yokha, pa masekondi 20 zimakhala zatalikirana ndi mamilisekondi opitirira 50. Khutu limamva, ngakhale la azakhali a mkwatibwi amene sadziwa kuti BPM n'chiyani.

Mphwanu wa ku Chilomoni: Anamvadi asisi. Mayi wina anaima pakati pa gule n'kundiyang'ana manja ali m'chiuno.

Kabaza Sound: Inu anthu mumadzivutitsa bwanji? Gulitsani zitsulo zimenezo mugule controller, chida cha DJ chosafuna mbale. Batani la sync lilipo, nyimbo zimagwirana zokha, chida chonse chimalowa m'chikwama chimodzi. Pa ukwati palibe amene amalipira kuti aone mbale ikuzungulira.

Madala a Singano: Iwe, funso silinali limenelo.

Kabaza Sound: Ndangoti ndinene madala. Inu mumalemba galimoto kunyamula zida, ine ndimakwera njinga.

Achemwali a ku Zomba: Komabe a Kabaza akumbutsa chinthu chothandiza. Zikadzavutanso pakati pa ntchito, sinthani deck yovutayo muiike pa INT. Pamenepo nyimbo ikuyendetsedwa ndi kompyuta, turntable siikuwerengedwanso. Scratch simuchita, koma gule saima. Ndiponso ndi njira yoyezera: ngati pa INT nyimbo ikudukabe kapena kuchita kakasi, vuto lili mu laputopu, kwezani USB buffer, zimitsani Wi-Fi, tsekani mapulogalamu ena. Ikakhala bwino pa INT, laputopu mwaichotsa pa mlandu.

Wa Mawaya ku Ndirande: Pepani ndachedwa, ndinali pa ampu ya tchalitchi. Bwana, muli ndi mwayi chifukwa muli ndi ma deck awiri ndipo wovuta ndi umodzi. Musagule kanthu, sinthanitsani zinthu chimodzichimodzi. Yambani ndi mbale: yakumanja ipite kumanzere. Vuto likasamuka, ndi mbale. Likatsala, bwezerani, sinthanitsani ma headshell (timitu ta mkono tonyamula singano) ndi singano zake. Kenako mawaya a RCA pa mixer. Chimodzi pa nthawi imodzi, mukasintha ziwiri pamodzi simudziwa chakuchizani.

Funso la madala la dongosolo lija ndi lofunika. Pa 33 mbale imazungulira kamodzi pa masekondi 1.8. BPM ikamakwera n'kutsika pa kanthawi komweko mosaphonya, ndiye kuti bowo la pakati pa mbale lakula kapena silili pakati penipeni, apo ayi mbale inapindika ndi dzuwa. Yang'anani mkono wa singano, muuona ukupita uku ndi uku ngati mutu wa munthu wokana. Kamtepi kochepa m'mphepete mwa bowo kamathandiza ngati lakula. Yopindika ndiye yapita, ndipo mbale zambiri kuno zimafera m'buti ya galimoto mu Okutobala.

Lowaninso mu setup ya Serato muone zozungulira zobiriwira zija. Zimayenera kukhala zozungulira bwino. Zikakhala ngati dzira, mbali imodzi ya singano kapena waya siikugwira bwino. Zikakhala zaubweya, ndi fumbi, singano yotha kapena phokoso. Pukutani timapini tinayi ta kumbuyo kwa headshell ndi spiriti pang'ono. Waya wa ground umangidwe pa mixer.

Kabaza Sound: Sikuti ndi jenereta? Maholo ambiri magetsi akathima amayatsa kajenereta kotsokomola.

Wa Mawaya ku Ndirande: Anthu amakonda kuinamizira jenereta. Ma turntable ena a m'nyumba a lamba ali ndi mota yomwe liwiro lake limatsata 50 Hz ya magetsi, amenewo inde, jenereta ikasinthasintha nawonso amasintha. Koma direct drive ya quartz ili ndi wotchi yakeyake mkati, siitengera zimenezo. Chomwe jenereta imabweretsa ndi phokoso m'mawaya, ndipo mphamvu ikatsika kwambiri chida chilichonse chimasokonezeka. Bwana, tsikulo munali pa jenereta?

Mphwanu wa ku Chilomoni: Ayi, magetsi analipo tsiku lonse. Koma tebulo langa linali lija lopinda la pulasitiki, ndipo sub (sipika ya bezi) imodzi anaiika pafupi ndi mwendo wakumanja. Malo anali ochepa chifukwa cha keke.

Wakujoni: Mwaona? Bezi! Ndinanena ine. Sub ikagunda, tebulo limanjenjemera, singano imatola kunjenjemerako n'kusakaniza ndi kaphokoso ka mbale. Log drum ya amapiano ndiye siichita chibwana. Phase sizimva zimenezo.

Madala a Singano: Kusuntha sub ndi kwaulere. Ife tinkadula mipira ya tenisi pakati n'kuika pansi pa thabwa lolemera, turntable pamwamba. Komanso mu setup muja muli batani la estimate, umalidina nyimbo zikulira mokweza mu holomo, singano ili pa mbale koma mbale itaima. Pulogalamu imaphunzira phokoso la malowo. Ambiri mumachita zimenezi kunyumba kuli zii, n'kupita nazo ku holo.

Mphwanu wa ku Chilomoni: Ndabweranso akuluakulu. Dzulo usiku ndinayala zonse pa balaza, madamu mpaka anandifunsa ngati ndatsegula shopu. Zomwe ndapeza ndi izi. Pa INT zonse zili bwinobwino. Ndasinthanitsa mbale, vuto latsala kumanja. Ma headshell, chimodzimodzi. Pitch ili pa ziro, madontho aima nji, BPM siikusuntha. Koma ndikangokankha fader kufika pa 3.3, pomwe mzere wina wa madontho umayenera kuima, akumayenda pang'ono kutsogolo, kuima, kubwerera. Ndiye ndinagogoda ndi chala pambali pa fader, BPM inalumpha pompo. Wakumanzere ndagogoda mpaka chala kuwawa, osasuntha.

Wa Mawaya ku Ndirande: Basi, wakuba wagwidwa. Ndi pitch fader. Pa ziro quartz ndiyo imalamula, n'chifukwa chake pamenepo pali bata. Mukachoka pa ziro, mota imamvera fader, ndipo mkati mwa fader muli kanjira ka kaboni komwe kachitsulo kamatsetserekapo. Fumbi likalowa, kapena kanjirako kakaperepeseka, kapena solda ikasweka pa mwendo, uthenga wopita ku mota umagwedera. Ndiye ganizani sub ikugogoda tebulo usiku wonse m'malo mwa chala chanu. Nthawi zambiri kutsuka ndi mankhwala ake a ma fader ndi kuwotcheranso solda kumakwana. Chonde musapoperemo mafuta aja a maloko ndi njinga, amasungunula girizi wa mkati n'kuitana fumbi lina. Ikakhala yotheratu timasintha, ngati yopezeka. Mtengo wake sufika ngakhale pafupi ndi wa Phase.

Madala a Singano: A Wakujoni, mwamva? Akanagula, akanaika kabokosi kanu pa platter yomweyo, fader yomweyo, mayi uja n'kudzaimanso manja m'chiuno.

Wakujoni: Ndavomera madala, pa ichi Phase sikanachiza. Koma sindibweza mawu onse. Munthuyu amaimba maukwati sabata ndi sabata, pa matebulo apulasitiki, m'mahema, pa fumbi. Fader ikakonzedwa, bezi ikhalapobe.

Achemwali a ku Zomba: Apa ine ndili mbali ya a Wakujoni pang'ono. Werengani ndalama ya singano. Shure inasiya kupanga ma cartridge (momwe mumalowa singano) mu 2018, M44-7 yomwe tinkaidalira ija kupeza singano yake yeniyeni ndi mwayi. Za Ortofon zilipo koma muyenera kuitanitsa kunja, ndipo ndi ndalama yakunja mmene ikuvutiramu mukudziwa nokha. Onjezani mbale za control zomwe zimatha mukamachita scratch. Kwa woimba kawirikawiri, pakapita zaka zingapo Phase itha kudzibweza yokha. Ine chomwe chimandiletsa n'chakuti ndimaimbanso mbale zenizeni, zina zinali za bambo anga, ndiye singano sindingaisiye.

Madala a Singano: Nanga kabokosiko kakafa, a ku Ndirande akonza? Batire lili mkati. Uiwale kutchaja, kapena magetsi athime Lachisanu lonse, Loweruka uli ndi chidole. Singano siitchajidwa.

Wa Mawaya ku Ndirande: Zoona, chimenecho sindinatsegulepo ndipo zipangizo zake ndilibe. Koma amene ali nacho amayenda ndi singano m'chikwama ngati chodalira china, sikuti amataya.

Kabaza Sound: Ndiye mugule chida chodula, n'kumanyamulabe chakale. Ine ndangodutsa.

Mphwanu wa ku Chilomoni: Haha a Kabaza tisiyeni. Ndaganiza motere: fader ikonzedwe kaye. Mnzanga uja andibweretsere singano ziwiri ndi mbale za control zatsopano, zanga zayamba kuyera koyambirira kuja. Ndipeze thabwa ndi mipira ya madala. Ndiimbe maukwati a Disembala, ngati bezi ikundivutitsabe ndidzabweranso kwa a Wakujoni tidzakambe mtengo. A Mawaya, Lachitatu muliko?

Wa Mawaya ku Ndirande: Ndiliko kuyambira 9 koloko. Mubwere ndi onse awiri kuti ndiwayeze pamodzi, ziro wa uyu afanane ndi wa uyo. Chotsani headshell ndi cholemera cha kumbuyo kwa mkono, mkonowo muumange pa chogwirira chake. Ngati ndi minibasi, muwanyamule pamiyendo, musalole kondakitala awaike kumbuyo ndi matumba a makala.