Mkonono ndi BP, zikugwirizana bwanji?

Nachisale_BT:
Abale ndithandizeni, bambo a kunyumba amaliza mkonono moti ana kuchipinda kwina amadandaula, koma chondiopsa nchoti amasiya kaye kupuma kenako nkudzidzimuka ngati akutsamwa, masana akungosinza ngakhale mu minibasi. BP yawonso siikutsika olo amamwa mankhwala daily. Zikugwirizana kapena ndi kutopa chabe?

Mjomba Phiri:
Amayi musazitenge mwachibwana, imeneyo amati sleep apnea, njira ya mpweya pakhosi imatsekeka munthu ali mtulo mpweya nkusiya kulowa masekondi 10 kapena kupitirira, thupi limadzidzimuka mtima nkuthamanga ndiye zikamachitika usiku onse BP siingatsike. Kafukufuku anawonetsa kale kuti anthu oterewa ambiri amakhala ndi BP yovuta kutsitsa. Makina othandiza vutoli otchedwa CPAP anawayambitsa Colin Sullivan ku Sydney mu 1981, amapopa mpweya m'mphuno. Akapita kuchipatala akanene za kusiya kupumako osati za mkonono basi.

Mlimi wa ku Dedza:
Ine chimandisangalatsa nchoti wotchi ya m'thupi, imene imatiuza nthawi yogona ndi yodzuka, anayamba kuiona pa zomera, wasayansi wa ku France de Mairan mu 1729 anaika chomera chotchedwa mimosa mumdima koma masamba ankatsekabe usiku nkutseguka m'mawa. Ma gene (tinthu ta chibadwa) oyendetsa wotchiyi anawapeza pa tintchentche, mpaka kafukufukuyu anapata mphoto ya Nobel mu 2017.

Nachisale_BT:
Zikomo nonse. Vuto bambowa amakana kuti saliza mkonono kkkk, usiku uno ndiwajambula pa foni adzimve okha.