Za funso langa lija la kudya ndi nkhawa

Abale, mwezi watha ndinafunsa ngati alipo wina amene nkhawa ikamugwira usiku amadya mopyola muyeso kenako n'kukadzisanzitsa, komanso kuti ndingasiye bwanji kudzida. Ndabwera kuti ndikuuzeni pomwe zafika.

Ambiri munati ndikaonane ndi akansala, alangizi a zamaganizo aja, ndiye ndinapitadi ku chipatala cha St John of God konkuno ku Mzuzu. Anandiuza kuti vutoli ndi bulimia, ananditumizanso kokayezetsa magazi poti kusanza pafupipafupi kumatsitsa mchere wina wofunika wotchedwa potaziyamu m'thupi ndipo mtima utha kuyamba kugunda mosokonekera, asidi wa m'mimba nayenso amadya mano. Anati ndisamadumphe chakudya masana chifukwa njala ija ndi imene imandigwetsa usiku.

Koma chomwe chandigwira mtima kwambiri n'chakuti anandifunsa kuti mng'ono wanga atabwera akulira ndi vuto lomweli ndingamuuze chani. Ndinangoti kukamwa yasa, mawu omwe ndimadziuza ine sindingamuuze mwana ameneyo olo pang'ono.

Lachiwiri lapitali azakhali anati "koma wanenepatu iwe", iwo ankayamikira koma ine zinandilasa. Usiku ndinadya mandasi 5 nditaimirira kukhitchini magetsi atazima, manja akunjenjemera. M'malo mothamangira kubafa ndinakhala pampando, dzanja pachifuwa, n'kudziuza kuti wachita mantha basi, siwe munthu woipa, puma kaye. Ndinalira kwambiri koma sindinasanze.

Sabata ino ndagwa kamodzi, ndalemba m'kope momwe anandiuzira ndipo Lachisanu ndikubwereranso kwa akansala. Mayi ndawauza dzulo, anangondigwira dzanja osalankhula kanthu.