Mwendo wa ndege ya Cherokee 140 ukungophwa mpweya

Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikukonza ndege ya Piper Cherokee 140 ya 1966, koma mwendo wa tayala lakumanzere, womwe umakhala ndi mafuta ndi mpweya mkati mwake, wandizunguza mutu. Ndinatulutsa mpweya wonse, ndinathira mafuta ofiira aja a MIL-H-5606 mwendo utafinyika mpaka pansi, kenako ndinapopa mpweya wa nitrogen mpaka chitsulo chonyezimira cha mwendowo chinatuluka mainchesi 4.5. Pakangotha masiku atatu, ndege yapendekekanso.

Chodabwitsa n'chakuti mafuta sakudontha, ngakhale pachitsulopo pali timaenje ta dzimbiri chakumtunda. Valavu yopopera mpweya ndinaipaka thovu la sopo kuti ndione ngati ikutulutsa mpweya, koma zii.

Kodi ndiphwasule mwendo wonse n'kuika ma O-ring atsopano (timphira totsekera mafuta ndi mpweya), kapena ndiyambe ndasintha kamtima ka valavu? Nanga dzimbiri lotereli mumangolipala, kapena chitsulocho chatha ntchito basi?