Kasitomala akufuna i7 mu ThinkPad T430, ndimuikire kapena ndimuletse?

Kondwani (Limbe): Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kwabwera bambo wina wojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe. Laputopu yawo ndi Lenovo ThinkPad T430, mkati muli purosesa (ubongo wa kompyuta) ya i5-3320M. Akuti akaika vidiyo ya ukwati kuti ituluke amaisiya usiku wonse, kukacha n'kupeza isanamalize, mwinanso magetsi anazima pakati pa usiku ntchito yonse n'kufera m'mazira. Apeza munthu pa Facebook akugulitsa purosesa ya i7, ndiye akuti ine ndingowaikira. Ndalama imene wogulitsayo akufuna ikhoza kugula SSD (disiki yothamanga) ndi RAM (memore yogwirira ntchito) n'kutsalako chenji. Ndikuopa kulandira ndalama ya munthu, mawa adzandiimirire pakhomo pa shopu.

aBanda (Mzuzu): Mwachita mwayi kuti ndi T430, mwana wanga. Imeneyo ndi ya 2012, nthawi imene purosesa inkakhala pa soketi. Mumapotokola kasikuluu kamodzi pa soketipo, n'kuinyamula ndi zala. Kuyambira m'badwo wachisanu wa Intel za m'malaputopu zonse amazimatirira pa bodi, ndipo mukaona dzina lothera ndi U, monga i5-5300U, musavutike n'komwe. Pa ma ThinkPad a T, zomaliza kukhala ndi soketi zinali T440p ndi T540p. Ndiye kutheka kokha n'kotheka. Koma i7 yake iti? Tiuzeni nambala yonse.

Kondwani (Limbe): Ndawafunsa, atumiza chithunzi. Palembedwa i7-3520M.

Nachisale (Lilongwe): Achimwene, imani pomwepo. Imeneyo ndi i7 ya dzina lokha. Ili ndi ma core awiri (timainjini togwira ntchito m'purosesa), chimodzimodzi i5 yomwe ili mkatimo. I5-3320M imayenda pa 2.6 GHz n'kukwera mpaka 3.3, pamene 3520M imayambira pa 2.9 kufika 3.6. Kusiyana kwake ndi komweko, kuphatikizapo cache (kamemore ka m'purosesa momwemo) yochulukirapo pang'ono. Bambo anuwo akadzayatsa adzaona sitika yokha itasintha, ngati mungawamatirenso sitika. Ya ma core anayi pa m'badwo umenewu imathera ndi QM.

Yamikani (Zomba): Ine ndinganene kuti m'patseni zomwe akufuna. Kasitomala akabwera atatsimikiza mtima, mukamukaniza amangowoloka msewu kupita kwa mnzanu, ndalama n'kudyedwa ndi wina.

Nachisale (Lilongwe): Inde, koma amene waikayo ndi amene dzina lake limaipa. Ojambula maukwati amadziwana onse, amakumana Loweruka lililonse ku maholo. Mmodzi akanena kuti wa ku Limbe uja anandibera, mwataya anthu khumi.

Kondwani, musanatsegule chilichonse, yatsani Task Manager, muike vidiyo yawo ija kuti iyambe kutuluka, mukhale pansi muziona. Mutiuze RAM ilipo yochuluka bwanji, disiki ndi yamtundu wanji, komanso pulogalamu ya HWMonitor ikuonetsa kutentha kotani.

Kondwani (Limbe): Ndachita zimenezo. RAM ndi 4 GB, kamtengo kamodzi, ndipo yadzaza vidiyo isanayambe n'komwe. Disiki ndi ya mbale ija yozungulira, ya 500 GB, ikungokhala pa 100%. Purosesa yafika madigiri 97 m'mphindi zochepa, kenako liwiro latsika. Nditachotsa kiyibodi ndapeza fumbi litapanga bulangete pakati pa fani ndi timapepala ta kopa tochotsa kutentha tija. Ndalitulutsa ndi kapanira lonse limodzi, ngati thonje la m'pilo. Paste, phala lopaka pa purosesa kuti kutentha kuzituluka, yauma gwa, ikuphwanyika ngati dothi la m'dambo mwezi wa October.

aBanda (Mzuzu): Ndiye mwaipeza nthendayo. Purosesa yomwe ilipoyo sikugwira ntchito ndi mphamvu zake zonse, ikudzibweza yokha kuopa kupsa. Mukaika yaikulu pa fumbi lomwelo mwangowonjezera nkhuni pamoto.

Koma ndisakhale ngati ndikunyoza ma QM. Pa ntchito ya bambo ameneyu, ma core anayi amathandizadi, chifukwa mapulogalamu otulutsa vidiyo amagawa ntchito ku ma core onse. Akanakhala wa Word ndi Excel ndikanati asaganizireko. Yoyenera T430 ndi i7-3632QM kapena i7-3612QM, chifukwa zonsezi zimadya magetsi a 35 W ngati i5 yomwe ilimo. Zinazo, monga 3720QM, ndi za 45 W. Ndinaikapo ya 45 W m'laputopu ya mnyamata wina wa ku Karonga, ine n'kumadzitama kuti ndagwira ntchito. Kuno ku Mzuzu kozizira inkayenda bwinobwino. Atafika nayo kunyanja nyengo yotentha, fani inkalira ngati chigayo, makina n'kumazima okha. Ndinabweza i5 yake yakale, ndalama ya basi yobwera nayo ndinalipira ndine. Chajanso muyang'ane: ya 65 W imaperewera mukaika ya 45 W, pamafunika ya 90 W.

Yamikani (Zomba): Nanga 3632QM yo mungaipeze kuti? Kuitanitsa pa eBay kapena AliExpress ndi vuto la ndalama zakunja lilipoli, muzidikira miyezi, ikafika mupeze kaphini kamodzi kopindika. Mum'bwezera ndani?

Nachisale (Lilongwe): N'chifukwa chake ine sindiitanitsa. Ndimadikira laputopu yakufa bodi ya m'badwo womwewo, ma Dell Latitude E6430 kapena E6530, ma HP EliteBook 8470p ndi 8570p, n'kuchotsamo. Soketi ndi imodzi. Ikapezeka motero pa mtengo wa zotsalira, ikani. Kupanda apo, ayi.

Palinso china chimene bamboyo ayenera kumva. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 mwalamulo imafuna Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo. T430 ndi ya m'badwo wachitatu, ngakhale muikemo QM yamphamvu bwanji siikwera kalasi. Komanso makamera ndi mafoni ambiri masiku ano akujambula mu H.265, ndipo HD 4000, gawo loona za zithunzi m'mapurosesa amenewa, siitha kumasula yokha mtundu umenewu, katundu yense amagwera purosesa. SSD mukaigula lero idzagwirabe ntchito kwina, ngakhale kuiika m'kabokosi ka USB kosungira mavidiyo. Purosesa ya soketi imafera m'laputopu momwemo.

Kondwani (Limbe): Zikomo nonse. Ndawaimbira bambo aja, ndawaonetsa bulangete la fumbi lija pa WhatsApp, aseka mpaka kutsokomola. Tagwirizana kuti 3520M aisiye. Ndapaka paste watsopano, ndaika SSD, ndipo RAM ndaika timitengo tiwiri ta 8 GB kufika 16 GB, pomwe T430 imalekezera. Disiki yakale ndaiika pamalo pa DVD ndi caddy (kabokosi kogwira disiki) kuti azisungiramo mavidiyo osakonza. Vidiyo yomwe ija ndaiyambitsa nditatsegula shopu, pofika nthawi ya nkhomaliro inali itatuluka, kutentha kwangosewera cha m'ma 80. Ndawauza kuti ndalama yotsalayo ayambe kusunga ya makina ena.

aBanda, ngati muli ndi 3632QM m'kabati mwanumo, bamboyo akufunsabe.

aBanda (Mzuzu): Ndili nayo imodzi, koma ili m'laputopu yanga yomwe ndikulemberayi. Auzeni adikire mpaka laputopuyi idzafe.