Hiace ya 3L ikutha madzi komanso kuwira pokwera ku Thabwa

Yamikani, Ndirande:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Pagaraja pano pabwera minibasi, Toyota Hiace yakale ya dizilo, injini ya 3L, imayenda Blantyre mpaka Nchalo. Dalaivala akuti tsiku lililonse akuthira madzi pafupifupi malita 2, koma pamene imagona sipaoneka dontho n'limodzi lomwe. Potsika ku Chikwawa geji ya kutentha imakhala pakati, kuchigwa konseko ilibe vuto. Nkhani imayamba pobwera. Ikangodutsa pa Thabwa n'kuyamba phiri ili yodzaza, geji imathamangira kofiira mpaka amaima m'njira kuti izizire. Oyilo ndayang'ana, ndi wakuda bwinobwino, sanasanduke ngati tiyi wamkaka. Utsi woyera kulibe. Thermostat, kavalavu kotsegula njira ya madzi opita ku rediyeta injini ikatentha, wina anachotsa kale. Eni ake akuti mawa ndimasule hedi, chivundikiro cha pamwamba pa masilinda, gasiketi yake agula kale. Ndimasule?

Gift, Limbe:
Masula aise. Galimoto yomwa madzi osadontha pansi ndi gasiketi basi, ikuwotchera limodzi ndi dizilo. Ukatumize hedi akasikime, akaipale kuti iwongoke, udye ndalama yako.

A Phiri, Biwi:
Usakhudze hedi, mwana wanga. Eni galimoto agula gasiketi, koma amene adzatukwanidwe ikadzawiranso pa phiri lomwelo ndi iwe. Pamenepa pali milandu iwiri, kutha kwa madzi ndi kuwira, ndipo sitikudziwa kuti unayamba ndi uti. Galimoto ikhoza kuwira chifukwa madzi achepa, ikhozanso kutaya madzi chifukwa yawira n'kulavula.

Mawa m'mawa usanailize, kweza mpando, tsegula chitsekero cha rediyeta uone madzi ali pati, kenako uone m'botolo lapambali. Undiuze zonse ziwiri. Ukatero dzaza mpaka pakhosi, umangepo glovu ya labala kapena chibaluni, utseke kapayipi kopita kubotolo, ulize injini ikadali yozizira. Chikafufuma msanga, kapena madzi akamaphulika thovu losalekeza, ndiye kuti mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi ndipo Gift walondola. Madzi ozizira alibe chifukwa chokhalira ndi puresha mphindi zoyambazo.

Mai Nachisale, Zomba:
Ndiwonjezereko pa za a Phiri. Chitsekerocho ndi chake chenicheni? Yang'anani nambala yapamwamba, chiyenera kulembedwa 0.9, ndiwo ma bar a puresha imene chimagwira. Anthu amachipeputsa, koma ndicho chimagwira puresha kuti madzi asawire msanga. Chikakhala chabwino madzi amafika cha m'ma 120°C asanawire. Labala wake akatha, amawira ngati ali poyera, ndipo kumtunda ngati ku Blantyre, komwe ndi mamita oposa 1,000, madzi a poyera amawira asanafike n'komwe pa 100. Ndiye galimoto ikukwera, injini ikutentha, malire owirira nawo akutsika.

Yamikani, Ndirande:
Ndachita monga munanenera. M'botolo madzi ali odzaza mpaka kupitirira mzere, koma mu rediyeta sakuoneka n'komwe, ndathira lita ndi theka. Chibaluni changokhala chofota, thovu kulibe, payipi yapamwamba ndi yofewa injini ikangolira kumene. Chitsekero ndi cha 0.9 koma labala ndi wong'aluka. Madzi ake ndi ofiira ndi dzimbiri, coolant, mankhwala osakaniza m'madzi oteteza dzimbiri, palibe ngakhale fungo.

A Phiri, Biwi:
Eya, botolo lakuuza kale. Injini ikatentha madzi amafutukuka n'kupita m'botolo, ikazizira amayenera kukokedwa kubwerera mu rediyeta kudzera pa kavalavu kakang'ono kapakati pa chitsekero. Ngati pali pobooka, injini pozizira imakoka mpweya pamenepo m'malo mokoka madzi. N'chifukwa chake botolo limakhala lokhuta rediyeta ili ndi njala, kondakitala n'kumayang'ana botolo kumati madzi alimo. Chitsekero sintha, koma usakhutire nacho. Malita 2 patsiku ndi ambiri.

Tsopano popa puresha injini ili yozizira. Ngati ulibe tesita ya puresha, tenga valavu ya chubu uimange pa kapayipi kakang'ono ka madzi, upope ndi pampu yamanja yokhala ndi geji. Osapitirira 1 bar, ndipo kompuresa isayandikire, rediyeta yakale imaphulika. Udikire mphindi 15 ukuyang'ana geji. Ikamatsika, lowa pansi ndi tochi. Uyambe ndi kabowo kapansi pa wota pampu, makilampu onse, tizitsekero tachitsulo ta m'mbali mwa buloko, kenako utsate mapayipi mpaka kumbuyo kwa galimoto.

Gift, Limbe:
Madala, kumbuyo kukatani? Injini ili pansi pa mpando wa dalaivala.

Che Jafali, Johannesburg:
Gift, ma Hiace ambiri ochokera ku Japan anabwera ndi hita yachiwiri ya okwera kumbuyo. Madzi a injini amayenda m'mapayipi achitsulo pansi pa fulo kupita kumeneko n'kubwerera. Kwathu palibe amene amayatsa hita imeneyo, ndiye aliyense anaiwala kuti iliko, koma madzi amadutsabe. Mapayipiwo amadyeka pamene agwiridwa ndi bulaketi, chifukwa matope amakhala pamenepo osauma. Amachucha injini ikatentha yokha, galimoto ili pa liwiro, mphepo n'kuumitsa. Ikafika pogona puresha yatha kale, pansi pamakhala pouma.

Yamikani, Ndirande:
Che Jafali, mwalasa. Geji inayamba kutsika pang'onopang'ono, kutsogolo konse kouma. Nditatsata mapayipi ndapeza pa bulaketi yapakati pali mzere wa dzimbiri, madzi akutuluka ngati thukuta. Nditakanda ndi sikuludiraiva kabowo kaonekera, madzi kuchita kuthamanga. Ndiwotcherere kapena?

Che Jafali, Johannesburg:
Ukawotcherera pamenepo mwezi wamawa ibooka patsogolo pake, payipi yonse yatha mkati. Wopita ku Nchalo hita yakumbuyo aitani? Ichotse mumzere. Pamene mapayipi awiriwo akupatukira, lumikiza wopita ndi wobwera ndi payipi ya labala yopirira kutentha, makilampu atsopano, isapindike mpaka kutsekeka. Hita yakutsogolo isiye, imathandiza: geji ikayamba kukwera paphiri, dalaivala akaiyatsa mpaka kumapeto imachotsako kutentha.

Mai Nachisale, Zomba:
Kuchuchako kwapezeka, koma ine za kuwira sindinakhutire. Achimwene Yamikani, dalaivalayo mumufunse kuti madzi amatunga kuti. Ndikukayikira kuti ndi pa mjigo kuchigwa komweko, ndipo mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere. Amenewo akamathiridwa tsiku ndi tsiku popanda coolant amadya chitsulo, ndipo zotsalira zake zimatseka timachubu ta rediyeta. Payipi mwapezayo ndi umboni wa zomwe zili mkati monse.

Itenthetseni bwino, muzimitse, muyendetse dzanja pa rediyeta kuchokera mbali ina kufika ina. Mukapeza mizere yozizira pakati pomwe kwina kukuwotcha, timachubu tamenepo tatsekeka. Rediyeta yotere pamsewu wosalala imakwanitsa, ndi phiri lokha limene limaiulula. Muonenso kunja kwake, pakati pa iyo ndi condenser ya AC mumadzaza udzu, nthenga ndi fumbi.

A Phiri, Biwi:
Ndipo ukazimitsa ili yotentha choncho, zungulitsa fani ndi dzanja. Fani ya 3L ili ndi kilatchi ya mafuta a silicone, imayenera kulimba ikamva kutentha. Ikazungulira yokha momasuka ngati palibe chogwira, yatha. Potsika phiri mphepo imalowa yokha, fani ilibe ntchito. Pokwera galimoto ikukwawa, ndi fani yokha imene imakoka mphepo. Zimene wafotokoza poyamba zija zikuloza pamenepa kwambiri.

Gift, Limbe:
Fani ingomangani ndi mabawuti izizungulira limodzi ndi injini, ife timatero. Thermostat musabwezere, kuno si ku Japan. M'rediyetamo ponyani dzira kapena tsabola wogaya zitseke tina totsala.

Mai Nachisale, Zomba:
Dzira m'rediyeta yomwe tikuikayikira kuti yatsekeka kale? Ayi, achimwene. Zimenezo n'zofikitsa galimoto kunyumba usiku, si zochita pagaraja. Fani yomanga imazizira, sindikana, koma imalira, imamwetsa dizilo, imatopetsa beringi ya wota pampu, ndipo mapiko apulasitiki akale akathothoka amalowa mu rediyeta momwemo.

A Phiri, Biwi:
Za thermostat tinakangana kale muno ndipo ndibwerezanso. Amene anaichotsa ankathawa vuto lomweli, kodi linatha? Dizilo yoyenda yozizira m'mawa imafuka, imadya mafuta, ma ring a mapisitoni amatha msanga. Komanso pa injini zambiri thermostat ili ndi kambale kapansi kotseka njira yachidule injini ikatentha. Ukaichotsa, madzi ena amangozungulira m'buloko osapita ku rediyeta. Gula yake yeniyeni, uiyese m'madzi owira uone ikutseguka, poika kabowo kotulutsira mpweya kakhale pamwamba.

Yamikani, Ndirande:
Malipoti, akuluakulu. Dalaivala wavomera za mjigo. Rediyeta inali yozizira pakati ponse, ndinakaitsegulitsa kwa owotcherera, timachubu tambiri tinali totsekeka ndi zoyera zolimba, atokosa ndipo yayesedwa sikuchucha. Fani imazungulira yokha ili yotentha, ndaika kilatchi ina. Thermostat, chitsekero ndi fanibeluti ndi zatsopano, hita yakumbuyo ndaidumpha. Ndatsuka mpaka madzi kutuluka oyera, ndathira coolant wosakaniza ndi madzi ogula a m'botolo, ndatulutsa mpweya hita ili yotsegula. Yapita ku Nchalo n'kubwera yodzaza, paphiri geji yangosuntha pang'ono kuchoka pakati, m'mawa madzi ali pakhosi.

Gift, Limbe:
Chabwino, ndagonja theka. Koma injini yomwe yawira kangapo sindiikhulupirira, hedi ikhoza kukhala ndi kamng'alu kamene kamatseguka ikalemedwa kokha. Chibaluni chozizira sichingaone zimenezo.

A Phiri, Biwi:
Apa Gift wanena zoona. Yamikani, bwereka block tester, chida chokhala ndi mankhwala abuluu choonera ngati mpweya wa mu silinda ukulowa m'madzi, uyese injini ili yotentha, itangofika kumene kuchokera paphiri, utadikira puresha itsike usanatsegule. Pa dizilo mankhwala abuluu aja amasanduka obiriwira, usadikire achikasu ngati pa petulo. Dalaivala umuuzenso ziwiri izi: paphiri asakakamire giya yachitatu injini ikubuula, atsitse kuti pampu ndi fani zithamange, ndipo ikadzatentha asathire madzi ozizira injini ili yozimitsa. Uyang'anenso ngati ikufuka utsi wakuda pokwera, ena amapotokola pampu ya dizilo kufuna mphamvu, kutentha n'kuchuluka.

Yamikani, Ndirande:
Tesita ndabwereka, mankhwala akhala abuluu. Utsi wakuda ulipo pang'ono, ndipo sikulu ya pampu ikuoneka kuti inakhudzidwa, chidindo chake palibe. Ndawauza eni ake kuti Loweruka ipite kwa a mapampu. Gasiketi ija akuti ndiwasungire m'kabati.