Bambo anga akungogona kunyumba yosamalira okalamba, ndithandizeni

Membala wobisa dzina: Abale, mtima wanga suli m'malo. Bambo ali ndi zaka 81, ali ndi matenda oiwalaiwala ndipo akusamalidwa kuno ku America. Lamlungu ndinawapeza ali zyoli pampando, dovu likuyenderera pachibwano, supuni ili m'manja osaikweza. Namwino akuti anavuta usiku ndiye anawapatsa mankhwala a PRN. Achimwene amene anasaina mapepala sayankha foni, sanapondeko chichokereni Khirisimasi. Juzi imene ndinawagulira inasowanso kochapira. Ine ndimagwira ntchito usiku, sindingamakhaleko daily. Zimenezi n'zololedwa?

Atate a Mapasa: Kholo salisiya m'manja mwa alendo! Mwawataya nokha, lero mukudabwa chiyani?

Namwino Wausiku: Pepani achemwali. Mankhwalawo dzina lake ndi chiyani? PRN si dzina, zimangotanthauza kuti apatsidwe pakafunika. Kaya ndi lorazepam kaya haloperidol, nkhani yake imasiyana.

Mayi Chisomo: Agogo anga anawapatsa oterewa, anagwa kubafa n'kuthyoka chiuno. Mpaka lero ndikalowa m'chipatala ndimanjenjemera.

Atate a Mapasa: Mwamva? Akawatenge basi, mawa lomwe.

Mayi Chisomo: Inu bambo, munayamba mwasamalirapo munthu wodzuka 2 koloko usiku kufuna kutuluka panja? Musamaweruze anzanu.

Kamnyamata: Juziyo ndiye iwaleni, wina akuitchena.

Namwino Wausiku: Ku America lamulo la CMS (bungwe la boma limene limayang'aniranso nyumba zosamalira okalamba) kuyambira 2017 limati PRN ya mankhwala okhudza ubongo isapitirire masiku 14, pokhapokha dokotala atalemba chifukwa. Akakhala a antipsychotic (mankhwala a matenda a misala, monga haloperidol), dokotala sangawonjezere masikuwo asanamuone wodwalayo. Pemphani akuonetseni pepala limene amalembapo mankhwala: anawapatsa kangati, nthawi yanji, anayesa chiyani kaye. Nthawi zambiri wokalamba "wovuta" amakhala akumva ululu, wadzimbidwa kapena ali ndi matenda a m'chikhodzodzo, kungoti akulephera kunena.

Atate a Mapasa: Malamulo a papepala amenewo. Ine mayi anga ndinawasamala ndekha zaka 6, piritsi ngakhale limodzi ayi!

Mlongo Wanu: FDA, bungwe la boma la America loona za mankhwala, inachenjeza mu 2005 ndi mu 2008 kuti ma antipsychotic amawonjezera ngozi ya imfa kwa okalamba odwala matenda oiwalaiwala. Akakukanizani pepalalo, imbirani ombudsman wa m'dera lanu, amene amalandira madandaulo okhudza nyumba zosamalira okalamba, ndi waulere. Koma musawauze kuti asiyitse mwadzidzidzi dokotala asanawaone.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Achimwene ayankha tsopano, akuti ndikukokomeza. Ndalira kuntchito usiku wonse.

Namwino Wausiku: Achemwali, dzina la mankhwala lija?