Turbo C yakana pa Windows 11, kodi Open Watcom ingandipulumutse?

tsokonombwe92:

Akuluakulu ndithandizeni. Amalume anga ali ndi shopu ya zitsulo ndi penti ndiye kwa zaka zambirimbiri katundu yense amamulemba mu pulogalamu ina ya DOS yomwe munthu wina anawapangira kalekale pa Turbo C 2.01, compiler (pulogalamu yosandutsa code kukhala EXE) ya kampani ya Borland. Kompyuta yawo ya Windows XP ija yafa mwezi wathawu, motherboard inapsa, koma mwamwayi hard disk ndinachotsa ndipo zonse zilimo, STOCK.EXE, ma file a .C, ngakhale folder ya TC yomwe. Ndakopera pa laputopu yanga ya Windows 11 koma ndikangodina ikuti This app can't run on your PC, TC.EXE nayo chimodzimodzi, compatibility mode ndayesa zonse mpaka Windows 95 koma ayi ndithu.

Ndamva kuti Borland inamasula Turbo C kuti aliyense atenge ulere, komanso kuti kuli ina ya Open Watcom yomwe ndi yakale koma imayenda pa makina a masiku ano. Nditenge iti? Amalume pano akulemba mu kope ndipo m'mawa uliwonse foni ndi yawo.

MkuluWaDOS:

Mphwanga compatibility mode isiye, ukungotaya nthawi. Vuto si setting ayi. Turbo C ndi chilichonse chomwe imatulutsa ndi 16-bit, ndipo pa XP zimayenda chifukwa munali kanthu kena kotchedwa NTVDM komwe kamanamiza pulogalamuyo kuti ili pa DOS. Kanthu kameneko kamadalira virtual 8086 mode ya purosesa, yomwe siipezeka purosesa ikamayenda mu 64-bit, nde Microsoft sinakaikemo mu Windows ya 64-bit ina iliyonse. Windows 10 ya 32-bit ndi yomaliza kukhala nako. Windows 11 chitulukireni mu 2021 ndi 64-bit yokhayokha.

Za Borland zo ndi zoona koma usasangalale. Anaika Turbo C 2.01, Turbo C++ 1.01 ndi Turbo Pascal 5.5 kuti anthu atenge osalipira, koma ndi zomwe zija zakale, sanasinthe kanthu ndipo source ya compiler sanapereke, choncho palibe amene angaikonze kuti iziyenda pa Windows yatsopano. Imene utenge kumeneko ndi yomwe uli nayo kale mu folder ya TC.

Watcom nkhani yake ndi ina. Inachokera ku Waterloo ku Canada, ndipo zaka za m'ma 90 inali compiler ya anthu opanga magemu, Doom ndi Duke Nukem 3D anazipangira pamenepo, amene tinasewerako timakumbukira ka DOS/4GW kotuluka pa sikirini gemu isanayambe. Kampani itagwera m'manja mwa Sybase anasiya kuigulitsa koma m'malo moikwirira anatulutsa source, Open Watcom 1.0 inatuluka 2003, 1.9 mu 2010, kenako anthu ena anaipitiriza pa GitHub ngati v2. Iyoyo ndiye imayenda bwinobwino pa Windows 64-bit ndi Linux. Koma tchera khutu apa, compiler kuyenda pa Windows 11 ndi nkhani ina, chomwe yatulutsa kuyenda ndi nkhani inanso. Ukaiuza kuti ipange EXE ya DOS ikupangira mosavuta ndipo Windows ikananso ngati poyamba. Uiuze kuti ukufuna ya NT, kutanthauza ya Windows, polemba wcl386 -bt=nt -l=nt stock.c

nachisale_k:

Inu achimwene mukumupatsa mwanayu ntchito ya mwezi wathunthu pomwe amalume akufuna kugulitsa mawa lomwe lino hahaha. Ika DOSBox-X aise, pulogalamu yoyendetsa za DOS pa makina atsopano, panga mount folder yo ngati C: nkuyendetsa STOCK.EXE mmene iliri, ola limodzi silikwana. Ndikuti DOSBox-X osati DOSBox wamba chifukwa wambayo anapangira magemu ndipo za printer alibe nazo ntchito, pomwe pulogalamu ya mu shopu ndikudziwa imatumiza ma risiti ku LPT1, bowo la parallel lolumikizira printer. Ngati printer yawo ndi ya dot matrix zolira zija ufunika ka chingwe ka USB to parallel chifukwa laputopu ilibe bowo limenelo. Ine ndinachita chonchi ndi pulogalamu ya Clipper pa ofesi ina yomwe ndinkagwirako, mayi wa accounts sanadziwe nkomwe kuti kompyuta yasintha, anangodandaula kuti zilembo zachepa.

tsokonombwe92:

Zikomo nonse. DOSBox-X yayenda achemwali, amalume aona sikirini yawo ya buluu ija mpaka kuwomba m'manja. Koma ine mtima sunakhazikike nde usiku ndayesa za Watcom zija. Poyamba ma error mbweee, clrscr sakuidziwa, gotoxy sakuidziwa, textcolor sakuidziwa, ndinangozitseka kaye ndi comment kuti ndione. Yapanga compile, yatseguka pa Windows 11 popanda DOSBox, ndinakondwa zedi, koma nditatsegula list ya katundu, mzere woyamba dzina lili bwino koma manambala ndi amisala, misomali ya 4 inchi akuti ilipo mamiliyoni, ndipo kuyambira mzere wachiwiri mayina omwe aduka pakati ndi tizilembo tachilendo. Ndawononga file kapena?

MkuluWaDOS:

Ngati sunasave kanthu file ili bwino, koma usanapitirire kopera file ya katunduyo, STOCK.DAT, pa flash uiike kutali, ndikunenetsa. Chachitika ndi ichi, amene analemba pulogalamuyo amatenga struct yonse, kutanthauza record ya katundu mmodzi, nkuiponya mu file ndi fwrite mmene iliri mu memory, tonse tinkatero nthawi imeneyo. Pa Turbo C int ndi ma byte 2, pa compiler ya 32-bit ndi ma byte 4. Kuwonjezera apo Turbo C imapanikiza ma field popanda mpata pomwe Watcom imasiya timipata pakati kuti purosesa iwerenge msanga. Nde record yomwe inali mwina ma byte 40 pano akuiwerenga ngati yayitali kuposa apo, yoyamba ikudya mutu wa yachiwiri, yachiwiri ikudya wa yachitatu, mpaka pansi. Mu struct imeneyo int aliyense umusinthe akhale short, long umusiye, pamwamba pake uike #pragma pack(1), kenako printf sizeof uone ngati kukula kwa file kukugawika ndendende ndi nambala imeneyo.

Za clrscr ndi gotoxy zo, zofufutira sikirini ndi kusunthira cursor, zinali za Borland yokha, si za C. Uzilemba wekha ndi SetConsoleCursorPosition ndi anzake a mu windows.h, timizere tochepa. Chomwe ndikuopa ine ndi chakuti upeza pena pake akulemba molunjika ku 0xB800, ku memory ya sikirini, anyamata a nthawi ija ankakonda zimenezo kuti menu izituluka mwachangu. Pa Windows pamenepo pulogalamu imangofa osatsanzika. Fufuza B800, far ndi int86 mu ma file onse usanalonjeze amalume tsiku.

nachisale_k:

Mwaonatu zomwe ndimanena. Komanso ngati wafika polembanso zonsezo bwanji osangotenga GCC ya MinGW, compiler yaulere ya masiku ano ya pa Windows, Watcom ubwino wake ndi woti imapangabe za DOS ndi OS/2 ndi Windows 3.1 kuchokera pa makina atsopano, koma iwe ku DOS ko ndi kumene ukuthawa. Ndipo license yake ngakhale bungwe la open source la OSI linaivomereza, a Debian Linux ndi bungwe la free software la FSF amaikana, ndi chifukwa chake pa Debian suipeza ndi apt. Pa shopu ya amalume zilibe kanthu izi, ndangonena.

Funso langa ndi lina, mtengo akuusunga mu chani? Ngati ndi int ya Turbo C malire ake ndi 32,767, nanga ndi mitengo ya masiku ano ndowa ya penti ikulowamo bwanji?

tsokonombwe92:

Achemwali mwalasa. Ndi int. Ndawafunsa amalume akuti eya kalekale mtengo wa wilibala unatuluka ndi minus, ndiye kuyambira pamenepo amachotsa ziro awiri polemba nkumawonjezera m'mutu, ndipo mnyamata wa pa kauntala aliyense watsopano amayamba waphunzitsidwa zimenezo. Nde short yo ndiigwiritsa powerenga file yakale yokha, ndilemba kapulogalamu kena kosamutsira zonse mu file yatsopano mtengo ukhale long kuchulukitsa ndi 100. B800 ndaipeza malo atatu, akulu, onse mu MENU.C. Chingwe cha printer ndikagula Loweruka.